Nkhope Ilipo, Nanga Mpweya?

Mu 1970 katswili wa maloboti wa ku Japan, Masahiro Mori, analemba mfundo yodabwitsa. Loboti yooneka ngati cidole timaikonda. Koma ikangotsala pang'ono kufanana na munthu, khungu losalala, kumwetulila kulipo, maso alibe moyo, mtima umacita nthumanzi.

Pa Genesis 2:7, dothi linaumbidwa bwino, koma moyo unabwela Mulungu atauzila mpweya wake.

Nanga imwe? Suti ya pa Sande, Ameni wamphamvu, manja m'mwamba, zonse zilipo. Koma mukafika kunyumba na ukali, ana amaona kusiyana, ndipo amayamba kuthawa pemphelo. Sabata ino musavutike kukonza nkhope. Gwadani, Mzimu Woyela akuuzileni moyo.

Shalom!