Waganyu akadzadwala, mlandu ndi wa yani?

Nyumba zambiri zakale m'matauni mwathu muno zinafoleredwa ndi malata a asibesitosi. Denga likayamba kudontha, ambiri timangoitana mnyamata waganyu, n'kumupatsa hamala kuti asasule. Kodi mnyamatayo akadzadwala patsogolo, mlandu ndi wa yani?

Malatawa akakhala osasweka savuta kwenikweni. Koma akadulidwa kapena kuphwanyidwa amatulutsa fumbi la tiulusi tosaoneka ndi maso. Tiulusiti tikalowa m'mapapo timakhazikika momwemo, n'kuyambitsa zipsera, khansa ya m'mapapo ndiponso khansa ina yotchedwa mesothelioma. Kawirikawiri matendawa amaonekera patatha zaka 20 mpaka 40. N'chifukwa chake dziko la Britain linaletseratu asibesitosi mu 1999, ndipo South Africa mu 2008.

Kuchedwa kumeneku ndiko kumagonetsa chikumbumtima. Tsiku la ntchitoyo palibe wotuluka magazi, ndipo waganyu amalandira ndalama zake akuthokoza. Koma fumbi lija amapita nalo kwawo pa zovala, womuchapira n'kulipumanso. Lamulo lachisanu silikamba za mpeni wokha. Limatiletsanso kupulumutsa ndalama zathu poika moyo wa mnzathu pachiswe. Amene sankadziwa sitingamuweruze, koma amene wamva sanganamizirenso umbuli.

Choncho denga likakhala lolimba, lisiyeni. Likafunika kuchotsa, funsani kaye azaumoyo ndi amisiri odziwa ntchitoyi. Malata anyowetsedwe, atsitsidwe athunthu, osadula. Kansalu kapamphuno sikatchinga fumbi limeneli. Zidutswa musamangire khola kapena kutaya pomwe ana amasewera. Ndipo wantchito aliyense muuzeni zoona musanagwirizane mtengo.