Womanga Mpanda Ayambe Wawerenga

Pa mutu 14 wa Mthenga Wabwino wa Luka Woyera, Ambuye Yesu afanizira munthu wofuna kuwatsata ndi womanga nsanja, amene ayenera kukhala pansi ndi kuwerenga cuma cake asanakumbe maziko, kuti anthu angamseke atalekeza pakati. Phunziro limeneli liyenera mipingo ya m'cigwa ca Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene Akristu ambiri alakalaka kuchinga bwalo la chalichi ndi waya wolukana ngati ukonde, popeza mbuzi ndi ng'ombe zitha mitengo yobzala, ndipo mpanda wa bango sucedwa kudyedwa ndi ciswe.

Akulu a mpingo anzeru sathamangira ku sitolo. Ayamba ayesa malo ndi cingwe. Bwalo la mamita 40 m'litali ndi 30 m'lifupi lifuna mpanda wa mamita 140. Ngati mpukutu wa waya uli wa mamita 30, mipukutu inai siikwana, ifunika isanu. Mizati isatalikirane kopitirira mamita 3. Motero ifunika 48, ndipo inai ya pa ngodya ikhale yaikulu, yozikidwa m'simenti, uliwonse ndi micirikizo iwiri, pakuti ndiyo isenza kukoka konse kwa waya. Waya woongoka womangirirapo ukondewo, m'mizere itatu, akwana mamita 420. Pamwamba pa izi awerenge cipata, simenti, miyala, ngolo yotuta mcenga ndi malipiro a mmisiri. Asaiwalenso nthaka ya m'cigwamo: makande ang'aluka pa dzuwa nafewa pa mvula, ndipo madzi osefukira, onga a mu 2015 ndi a namondwe Freddy mu 2023, salekerera mzati wa dzenje losaya.

Citsanzo ciri pafupi, ku nkhalango ya Majete. Bungwe la African Parks litayamba kuisamala mu 2003, linayamba lachinga gawo limodzi, kenaka nkuzinga nkhalango yonse ndi mpanda wopitirira makilomita 140. Njobvu zinabwera mu 2006, koma mikango anaidikiritsa kufikira 2012, mpanda utatha. Akadasiya mpata wa mikono iwiri yokha, makilomita onse aja sakadateteza minda ndi makola a midzi yozungulira.

Cimodzimodzi pa chalichi: mpanda wa mbali zitatu suletsa mbuzi. Ndalama zimene alimi anapatula pa thonje lao, ndi zimene amai amasiye anamasula pa mfundo ya nsaru, zisanduka waya wa dzimbiri wogona m'udzu. Ndipo tsiku lina mpingo ukapemphanso copereka, manja a anthu alemera. Kuwerenga bwino, tsono, ndi nchito ya cilungamo kwa osauka.

Koma Ambuye ananena za cinthu coposa nsanja. Wofuna Ubatizo, kapena wofuna kumanga Ukwati, ayamba mpanda umene adzaumanga moyo wake wonse. Akulu anati, walira mvula walira matope. Cifukwa cace akatekisiti asabise mtengo wa cikristu kwa ophunzira ao. Awauze poyera kuti padzafunika kusiya maula, kukhala ndi mkazi mmodzi kufikira imfa, kukhululukira mdani, ndi kuyenda ulendo wa ku Misa ngakhale pa dzuwa la Okutobala. Mkristu wosunga malamulo asanu ndi anai, nasiya limodzi lotseguka, Satana adzalowera pomwepo.

Munthu akawerenga moona adzapeza kuti zace sizikwana. Asataye mtima ai. Kuwerengako ndiko kumsonyeza kumene ayenera kukapempha cotsala, ndiko ku pemphero, ku Kulapa ndi ku Ukaristia. Imeneyi ndiyo mizati ya pa ngodya, ndipo woizika mozama, madzi akabwera, adzampeza ali ciriri.