Anavomera Yekha, Ndiye Mlandu Watha?

Abale anga a m'gulu lino, sabata ino ndabwera ndi funso looneka lophweka: munthu akavomera yekha ntchito yomupweteka, kodi womulembayo ali ndi mlandu? Musathamangire kuyankha. Tiyeni tiliyese kaye pa mnyamata wa zaka 15 amene wabereka sipuleya m'dimba la tomato.

Ine geni yanga ndi ya tomato, ndiye njira yake ndikuidziwa. Wambiri amene mumagula pamulu mu Lilongwe ndi mu Blantyre amachokera m'madimba a ku Ntcheu, ku Dedza, ku Jenda ndi kwina kotero. Mbewuyi ili ndi adani ambiri. Nthawi ya mvula kuli chiwawu, kukatentha kuli kangaude wofiira, ndiye zaka zapitazi kunabweranso kambozi kaja ka Tuta absoluta, kochokera ku South America, kamene kamabisala m'kati mwa tsamba ndi m'chipatso momwe mankhwala safika bwino. Mlimi akangogona, dimba lonse lapita. Ndiye amapopera sabata ndi sabata: Dithane, Cypermethrin, Dimethoate, ena mpaka kuphatikiza zonse m'chidebe chimodzi ati zigwire msanga.

Nanga amapopera ndani? Sipuleya yodzadza imanyamula malita 16. Mwini dimba msana unayamba kale kudandaula. Pakhomo pafika mnyamata wofuna ganyu, akuti akusaka ya fizi kapena ya nsapato. Agwirizana mtengo pa sipuleya iliyonse, basi ntchito yayamba. Palibe amene wamukakamiza. Wachita kupempha yekha, mwinanso mogwada.

Tsopano taonani zimene zimachitika m'chifuwa mwake. Akamasungunula Dithane, ufa uja umauluka n'kulowa m'mphuno ndi kukhosi. Akayamba kupopera, dzanja lina likupopa, katundu ali kumsana, dzuwa likuswa mtengo, amapuma mwabefu, ndipo mpweya uliwonse ukukoka nkhungu ya mankhwala, makamaka mphepo ikatembenuka. Kamlomo ka sipuleya kakatsekeka, amakauzira ndi pakamwa. Ena amamanga kansalu kumphuno, koma kakanyowa ndi mankhwala ndiye kuti munthu akupumira m'poizoni mwenimwenimo. Cypermethrin amawotcha khungu la kumaso, kuyetsemulitsa ndi kutsokomoletsa. Dimethoate ndi anzake a gulu la organophosphate ndiwo oopsa zedi: amasokoneza mitsempha, njira za mpweya zimafinyika, madzi ndi makhololo zimadzadza m'mapapo, munthu amatuluka thukuta ndi dovu, kenako kubanika. Akachuluka m'thupi amapha. Akamalowa pang'onopang'ono kwa zaka, madokotala anapeza kuti anthu otere amavutika ndi mphumu ndi chifuwa chosatha kuposa anzawo.

Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti mapapo a munthu samaliza kukula mpaka atapitirira zaka 20. Mnyamata akhoza kumera ndevu, mawu n'kukhala aakulu, thumba la feteleza n'kulinyamula yekha, koma m'chifuwa nyumba ikadamangidwa. Chimene chawonongeka pa msinkhu umenewo amakalamba nacho.

Apa ndiye pali mtima wa funso langa. Pamsika timati malonda ndi kugwirizana, koma aliyense wa ife akudziwa kuti kugwirizana kumakhala kwenikweni pamene onse awiri akudziwa chimene chikugulitsidwa. Wina akandipatsa dengu pamwamba pali tomato wabwino, pansi pali wophwanyika, sanganene kuti ndinavomera ndekha. Ndinavomera zimene ndinaona. Mnyamata ujanso akuganiza kuti wagulitsa m'mawa umodzi ndi thukuta lake. Sakudziwa kuti m'dengumo, pansi penipeni, mwalowanso mpweya umene adzaufune ali ndi zaka 40, akukwera chitunda ndi njinga ya makala. Mtengo wa zimenezo sunatchulidwe n'komwe. Ndiye kwa ine, "anavomera yekha" si yankho. Ndi mawu amene wamkulu amadzitonthoza nawo kuti agone tulo.

Ndikudziwa ena mwa inu mwayamba kale kulemba: "Mayi inu, mukufuna mwanayo adye chiyani? Tonsefe tinakulira kumunda." Zoona, ndipo sindikunena kuti ana azingokhala pakhonde. Kuthirira, kupalira, kuzika timitengo, kuthyola, kutuza ku msewu, zonsezi ndi ganyu ndipo zimaphunzitsa munthu. Ine ndikunena za sipuleya yokha. Ngakhale lamulo lathu limasiyanitsa chomwecho. Employment Act ya 2000 imaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wa pakati pa 14 ndi 18 imalola kuti agwire ntchito koma osati yoika moyo ndi thanzi lake pachiswe. Lamulo lilipo, kungoti kudimba silifika. Kumafika venda wa mankhwala othiridwa m'timabotolo topanda chizindikiro.

Koma ndisanamize, nkhaniyi ili ndi pena povuta. Nthawi zambiri mwini dimba si bwana wa galimoto. Ndi mlimi wosauka amene nayenso wapuma mankhwala omwewo zaka zambiri, ndipo sipuleyayo amaberekanso mwana wake womubala yekha. Munthu wotere simungamunene kuti ndi wankhanza. Zolembedwa pabotolo zambiri zili m'Chingerezi, timalemba tating'ono ngati nyerere. Magolovesi ndi chotchingira kumphuno chenicheni n'zodula, komanso m'magolosale a kumudzi simuzipeza. Iye anamva kwa anzake kuti ukapopera umwe mkaka, poizoni amatha. Bodza limenelo, mkaka suchotsa kanthu. Ndiye mlandu wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa amene akudziwa koma ali chete: wogulitsa mankhwala amene safunsa kuti akapopera ndani, ndi a Pesticides Control Board amene ntchito yawo ndi kuona zimene zikugulitsidwa m'misika. Mlandu umakula molingana ndi zimene munthu akudziwa, ndipo inu amene mwawerenga kufika pano, pepani, mwalowa m'gulu la odziwa.

Musaiwalenso dzanja lanu pamulu. Tomato akakhala ndi kabowo kamodzi ka mbozi, mumamukankhira pambali. Ife ogulitsa tikaona zimenezo, popikula timafuna wosalala yekhayekha. Mlimi akaona kuti wa timabowo akutsalira, amawonjezera kupopera. Palibe pa mzere wonsewu amene akufunira mwana wa munthu zoipa, komabe uthenga umayenda bwinobwino kuchoka pa chala chanu kukafika kumsana kwa mnyamata uja. Chovuta n'chakuti matendawa amabwera mochedwa. Akanakhala kuti wagwa pomwepo, bwenzi nkhani ili kwa amfumu. Koma akayamba kubanika patapita zaka zisanu, anthu amati ndi mphumu ya kumtundu, ena amati chifuwa chachikulu, ena amaloza agogo a kuseri kwa mudzi. Dimba lija palibe amalikumbuka.

Kwa inu amene muli ndi mlongo, mphwanu kapena mwana wa achemwali amene amagwira ganyu yotereyi, mufunseni mafunso awiri okha: amasungunula ndi chiyani, ndipo usiku akapopera amagona bwanji? Akakuuzani kuti pachifuwa pamalira ngati kamwana ka mphaka, mupite naye kuchipatala, ndipo mukawauze adokotala kuti amapopera, chifukwa iwo sangalote. Tsiku limene wabwera akutuluka dovu, akusanza, maso akuona mwachimbuuzi, mumuvule zovalazo, mumusambitse ndi sopo, musamupatse mkaka kapena kumusanzitsa. Thamangani naye, botolo la mankhwalawo lili m'jumbo.