BWATO LIMODZI PA LUANGWA

Pali funso limene libvuta Akristu ambiri m'midzi, ndipo akulu a mpingo alimva kawiri kawiri. Funsolo ndi ili: kodi munthu wokhulupirira Mulungu acite ciani pamene njira yatsekeka pamaso pace? Ena ati akhale pansi, apemphere, nadikire kufikira Mulungu atacita cozizwitsa. Ena ati adziponye m'coopsaco osayang'ana uku ndi uku, pakuti Mulungu sadzamleka agwe. Onse awiri achula dzina la cikhulupiriro, koma onse awiri akhoza kusokera. M'mbiri ya dziko la Feira muli nkhani yoona imene ithandiza kuweruza mlandu umenewu.

Feira, amene lero achedwa Luangwa, ali pamene mtsinje wa Luangwa uthira m'Zambezi. Tsidya lija la Luangwa kuli Zumbo wa ku Mozambique, ndi tsidya lija la Zambezi kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe. Dzina lakuti Feira ndi mau a Cipwitikizi otanthauza msika, pakuti kale Apwitikizi ankacita malonda pamenepo. Pa 14 Januwale 1856 David Livingstone anali pamalo amenewa pamodzi ndi amuna oposa 100, amene Sekeletu, mfumu ya Amakololo, anampatsa kuti amperekeze. Anacokera ku Linyanti, nalinkutsata Zambezi kunka ku nyanja ya mcere ya kum'mawa. Inali nyengo ya dzinja, Luangwa anali atasefukira, ndipo sakanatha kuoloka popanda mabwato a eni dziko.

Eni dzikowo, anthu a mfumu Mburuma, sanamkhulupirire mlendoyo, ndipo palibe angawatsutse. Anthu a m'mbali mwa Zambezi anali ataonapo kale alendo ofika ndi mfuti, ogwira anthu ukapolo ndi kulanda minyanga ya njobvu. Tsono poona mzungu ndi khamu lalikuru lotere, anakonzeratu zida zao. Livingstone anazindikira kuti mwina adzamthira nkhondo poolokapo, anthu ace atagawika, ena tsidya lino, ena tsidya lija. Tsiku lomwelo anaona pafupi ndi pokomana mitsinjepo mabwinja a nyumba ya Mulungu yakale, ndi belu losweka liri gone pansi. Anthu ena anafikapo kale ndi dzina la Kristu, ndipo cotsala cao cinali miyala yogumuka.

Madzulo ace mantha anamgwira. Sanaope imfa yokha, koma anaopanso kuti zonse anazipeza pa ulendo wace zidzatayika pamodzi ndi iye. Poyamba anaganiza zooloka mobisa usiku. Pamenepo anatsegula Buku Lopatulika, nawerenga mavesi otsiriza a Mateyu 28, pamene Ambuye atuma ophunzira ace kwa mitundu yonse, nawalonjeza kuti sadzawasiya okha. Analingalira kuti wolonjezayo sananamepo, ndi kuti mau ace ali okwanira. Cifukwa cace analeka zooloka usiku, popeza kutero kukadaoneka ngati kuthawa kwa munthu wolakwa. Mtima wace unakhala pansi, natenga zipangizo zace, nayesa nyenyezi kuti alembe malo a mitsinje iwiriyo, monga anali kucitira masiku onse.

M'mawa mwace amuna a m'midzi yozungulira anasonkhana ndi zida m'manja, atacotsa akazi ndi ana. Anambwereka bwato limodzi lokha, ngakhale ena awiri anali omangika pagombe. Livingstone sanakangane nao. Anayamba kuolotsa katundu kunka pa cilumba ca pakati pa mtsinje, pambuyo pace ng'ombe ndi anthu. Iye mwini anatsala pakati pa amuna a zidawo, nawaonetsa wochi yace ndi galasi lace ndi zinthu zina, kufikira anatsala okhawo olowa naye m'bwato. Pomwepo anawathokoza, nawafunira mtendere, nalowa m'bwato wotsiriza. Palibe mubvi unaponyedwa, palibe mwazi unakhetsedwa.

Nanga cozizwitsa cinali pati? Madzi a Luangwa sanagawike, ndipo kumwamba sikunatsike moto. Bwato linali limodzi m'mawa, linali limodzibe pakutha nchito. Koma woyang'anitsa adzaona zinthu ziwiri zimene munthu sakhoza kuzigula. Coyamba cinacitika usiku, mumtima mwa munthu wamantha amene anapatsidwa mtendere cinthu ciri conse cisanasinthike kunja. Caciwiri cinacitika usana, m'mitima ya anthu a Mburuma, amene anali ndi zida ndi cifukwa ca kukwiya, koma anamleka mlendo apite. Livingstone mwini anabvomereza pambuyo pace kuti kapena anthuwo anangofuna kukhala okonzeka ngati iye akadawacita ciwembu. Akadaoloka mobisa usiku, akadatsimikiza zimene anali kumganizira, ndipo nkhondo imene anaiopa ikadayamba ndi iye mwini. Cikhulupiriro cinamyendetsa poyera, ndipo kuyenda poyerako ndiko kunampulumutsa.

Apa paoneka kusiyana kwa kukhulupirira Mulungu ndi kumuyesa. Ansembe a pa Yordano, m'Yoswa 3, anaponda m'madzi cifukwa analamulidwa kutero. Petro, m'Mateyu 14, sanatsike m'ngalawa kufikira Ambuye atamuitana. Koma pamene mdierekezi anaimika Yesu pamwamba pa Kacisi, namuuza adzigwetse pansi kuti angelo amgwire, Yesu anakana, ngakhale woyesayo anachula Malembo. Wokhulupirira aturuka cifukwa pali nchito imene Mulungu wamtuma, ndipo asiyira Mulungu kusankha njira ya kumthandiza. Woyesa Mulungu asankha yekha cimene afuna, nauza Mulungu kuti acicite tsopano, anthu aone.

Moyo wa Livingstone womwewo uonetsanso mbali yina. Atacoka ku Zumbo anadula njira ya pamtunda kunka ku Tete, kotero sanaone mathithi a Kebrabasa, pamene lero pali damu la Cahora Bassa. Anapita ku Britain nauza anthu kuti Zambezi adzakhala mseu waukuru wa Uthenga Wabwino ndi malonda oyenera. Pobwera m'caka ca 1858 ndi sitima ya pamadzi yochedwa Ma Robert, anapeza kuti matanthwe ndi mathithi atseka njirayo, ndipo palibe pemphero linawacotsa. Mulungu analonjeza kukhala ndi mtumiki wace, koma sanalonjeze kuti mtsinje udzamvera maganizo a munthu amene sanauone wonse. Akulu anati safunsa anadya phula. Komabe kutsekeka kwa Zambezi kunamtembenuzira ku mtsinje wa Shire, ndipo m'caka ca 1859 anafika ku nyanja ya Nyasa, kumene mishoni ya Livingstonia inayambika m'1875; ndipo ya Blantyre inayambika m'1876 kum'mwera, kutali ndi nyanjayo.

Panali cina cowawa koposa. Pa 27 Epulo 1862 mkazi wace Mary anamwalira ndi malungo ku Shupanga, m'mbali mwa Zambezi yemweyo. Mulungu amene anamsunga pa Feira sanamcitire cozizwitsa pa Shupanga. Kodi cikhulupiriro cace cinali citacepa? Iai. Anyamata atatu a m'Danieli 3 anadziwa kuti Mulungu akhoza kuwalanditsa m'ng'anjo, koma anatsimikizanso mtima kusagwadira fano ngakhale akapanda kuwalanditsa. Cikhulupiriro cimene cikhala cilili pokhapo zinthu zikayenda bwino ndi malonda cabe. Livingstone anaika mkazi wace m'manda, napitiriza nchito kufikira anafera kwa Chitambo m'caka ca 1873.

Luangwa anaolokedwanso m'cikhulupiriro zaka zambiri zitapita. M'caka ca 1910 boma latsopano la Portugal linapitikitsa ansembe a Ciyezuiti m'maiko ace. Amene anali pa mishoni ya Miruru, pafupi ndi Zumbo, anasiya nyumba zimene anamanga, naolokera tsidya lino, nayambanso ku Kapoche ndi ku Katondwe. Sanapatsidwe cizindikilo ca kumwamba. Anali ndi manja ao, mapemphero ao, ndi anthu a m'midzi amene anawalandira. Lero pa Katondwe pali cipatala, ndipo wolumidwa ndi ng'ona kapena wodwala malungo apeza thandizo pamenepo. Iconso ndi yankho la Mulungu, lingakhale linadza pang'ono pang'ono.

Tsono Mkristu wa m'cigwa ca Luangwa aphunzirepo ciani? Mai amene mwana wace watentha thupi apemphere ndi mtima wonse, nabereke mwanayo, napite naye kucipatala msanga. Pakuti mankhwala ali ngati bwato limodzi lija, ndipo wolikana cifukwa afuna kuti madzi agawike, ameneyo ayesa Mulungu. Mlimi wa m'dziko lotentha ili, la mvula yosadalirika, apemphe mvula, koma abzalenso mapira opirira cilala, pakuti khasu liposa mako ndi tate. Msodzi asalowe pamene pali mvuu ndi kunena kuti Mulungu adzamsunga. Ndipo akafika munthu wolonjeza macilitso ndi cuma kwa iye amene apereka mbuzi kapena ndalama, mpingo ukumbukire kuti cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Yesu sanagulitse cozizwitsa ndi cimodzi comwe.

Koma wamantha asabisale kuseri kwa mau amenewa, pakuti pali mitsinje imene Mkristu ayenera kuoloka ngakhale mtima ugunda. Wodana ndi mbale wace zaka zambiri anyamuke apite kwa iye usana, osadziwa ngati adzamlandira. Pamene mudzi wonse uloza nkhalamba cala kuti ndi mfiti, Mkristu aime pambali pace, angakhale atsala yekha. Mphunzitsi kapena mlaliki wotumidwa ku mudzi wakutali, kumene njobvu zidya minda ndi mseu uli woipa, apite. Mboni pa bwalo la mfumu inene zoona, zingakhale zipweteka wa pamtundu pace. M'zonsezi lamulo la Mulungu liri lomveka, ndipo lonjezo lace la kukhala pamodzi ndi anthu ace ligwira nchito pomwepo.

Cifukwa cace munthu asanaponde m'madzi adzifunse zinthu zitatu. Kodi cimene afuna kucita ncolamulidwa ndi Mulungu, kapena ncokhumba ca mtima wace? Kodi akhoza kucicita usana, anthu onse akuona? Kodi adzakhalabe wa Mulungu ngati cozizwitsa sicidza? Akayankha bwino pa zitatuzi, atenge cimene ciri m'manja mwace, cingakhale cocepa, nayambe kuoloka.