Ulendo wopanda mtolo pamutu

Mawu amene ndikufuna tilingalire mwezi uno akupezeka pa Luka 24:13-35, nkhani ya ophunzira awiri amene ankapita ku Emau. Musanapitirire, tsegulani Baibulo lanu muwerenge ndimeyi modekha, pakuti ine sindiilemba pano.

Tsiku lina pa msonkhano wathu wa kuparishi ndinaimika dzanja n'kunena kuti, "Amayi, bwanji Loweruka lina tikwere minibasi tikayende kuphiri?" Poyamba kunali zii, kenaka anthu anafa nalo phwete. Mayi wina wachikulire, amene ndimawalemekeza kwambiri, anati, "Anesi, kuphiriko mwatayako chiyani? Ine ndinayenda kokwana. Ndinkapita kuchigayo thumba lili pamutu, mwana ali kumsana, kunyamuka m'mamawa kubwerako dzuwa litapendeka. Lero mukuti ndilipire minibasi kuti ndikatope dala? Zimenezo n'za azungu."

Sindinawatsutse, chifukwa ankanena zoona. Ife akazi a m'dziko muno miyendo yathu inakhwima ndi ntchito. Kumtsinje tinkapita ndi ndowa, kunkhuni ndi chikwanje, kusikelo ndi mwana, kumaliro ndi ufa. Ulendo uliwonse unali ndi katundu wake. Ngakhale mpingo wathu unalowa m'dziko muno poyenda pansi: mu 1861 Bishopu Charles Mackenzie ndi anzake anasiya mtsinje wa Shire kwa Chibisa n'kukwera mapiri wapansi mpaka ku Magomero. Kuyenda sitikuphunzira lero ayi. Chimene ambiri a ife sitinachitepo ndi kuyenda pamutu popanda kanthu, mosathamangira kwina kulikonse.

Komanso tinene chilungamo, amayi a m'tauni. Kuyenda kuja kunali kale. Lero madzi ali pampopi kapena pakiyosiki yapafupi, kabaza amakutengerani pakhomo penipeni, pageni mumakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo mukafika kunyumba ndi foni m'manja. Ine ndinagwira ntchito ya unamwino zaka zoposa makumi atatu, ndipo ndinalandira amayi ambiri obwera atanyamulidwa, pakamwa patapotoka, mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zitafa. Achibale ankanong'onezana za ufiti, koma tikayeza tinkapeza kuti ndi BP imene inakhala zaka zambiri osadziwika. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliwonse m'Malawi muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Bungwe la zaumoyo la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi lake mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kumeneko ndi kuyenda mwandawala theka la ola, masiku asanu. Uphungu umenewu ndinaupereka kwa odwala osawerengeka, ine mwini osautsata. Chaka chimene ndinapuma pantchito anandipeza ndi BP ya 170 pa 100, ndipo kamtsikana kamene kanandiyeza kanandiuza mawu omwe aja ndinkauza anthu ena. Manyazi ake!

Koma za BP si zimene zandichititsa kulemba. Tibwerere ku Emau.

Luka akutiuza kuti mudziwo unali pa mtunda wa pafupifupi makilomita 11 kuchokera ku Yerusalemu, kuposa pang'ono mtunda wa pakati pa Blantyre ndi Limbe. Anthu awiriwa ankachokera kumaliro. Amene ankamudalira anali ataphedwa, ndipo iwo ankabwerera kwawo mitima itasweka. Mmodzi dzina lake Kleopa. Winayo sanatchulidwe, ndipo pali aphunzitsi ena a Baibulo amene amaganiza kuti mwina anali mkazi wake. Ine ganizo limeneli limandikomera, ngakhale sindingalikakamire. Tsono taonani chimene Ambuye anachita. Akanatha kuwadikira kunyumba, akanatha kuwaonekera mwadzidzidzi monga anachitira kwa ena aja madzulo a tsiku lomwelo. Koma awa anawapeza panjira, nafananitsa mapazi ake ndi awo, nayamba ndi funso. Iye amene ankadziwa za Lachisanu lija kuposa munthu wina aliyense analola kuti amufotokozere ngati mlendo wosadziwa kanthu. Anawasiya akhuthule zonse. Kudzudzula ndi kuphunzitsa kunabwera pambuyo, ndipo kunyema mkate kunabwera pamapeto penipeni.

Ife amayi timakonda kuyambira kumapetoko. Ndikupatsani chitsanzo cha kwathu, koma dzina ndalisunga.

Tinali ndi mnzathu wina amene bambo akunyumba kwake anamwalira. Tinkapita kukamuona atatu kapena anayi, titavala yunifomu, titanyamula shuga ndi sopo. Tinkakhala pamkeka moyang'anizana naye, kuimba, kuwerenga Mawu, kupemphera, kenaka kufunsa, "Nanga mukupeza bwanji?" Yankho linali limodzi nthawi zonse: "Ndili bwino, zikomo pobwera." Tinkachoka titakhutira kuti ntchito tagwira. Ine amene ndimati ndine namwino ndinaona kuti akuonda, koma ndinangoti ndi chisoni, chidzatha.

Ulendo wakuphiri uja utatheka, tinapita anthu asanu ndi awiri okha, ndipo iyeyu tinachita kumukoka. Tinakwera minibasi ya ku Chilomoni, n'kukayamba Njira ya Mtanda imene abale athu a Katolika anakonza m'mbali mwa phiri la Michiru. Njirayo ndi yamiyala, ndipo m'malo mwina muli mtunda woti munthu ugwire m'mawondo. Atsikana anatsogola, ife awiri tinatsalira m'mbuyo, ine chifukwa cha phuma, iye chifukwa cha kufooka. Tinayenda nthawi yaitali osayankhula, aliyense maso ali pamiyala. Ndiye osandiyang'ana n'komwe anangoyamba: achibale a mwamuna anatenga mapepala a nyumba, anamupatsa miyezi itatu kuti achoke, ana anawachotsa sukulu, usiku sagona, ndipo kawiri konse anaganizapo zodzichotsera moyo. Anayankhula mpaka tinafika pamtanda waukulu pamwamba. Ine sindinanene kanthu kanzeru, mpweya wake ndinalibe. Mwina Mulungu ananditseka pakamwa dala.

Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chake anayankhula panjira, osati pamkeka. Pamkeka tinali anthu anayi omuyang'ana kumaso, ana akumvetsera kuchipinda, aneba akusuzumira pampanda. Munthu wachisoni akayang'anidwa chotero amadziona ngati ali pabwalo la milandu. Panjira palibe amene akukuyang'ana. Mukakhala chete sizichititsa manyazi, chifukwa miyendo ikugwira ntchito. Misozi ikatsika anthu amati ndi thukuta. Sabata yotsatira tinapita naye kwa Abambo a parishi, kuchipatala, ndi kwa odziwa malamulo, pakuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limanena poyera kuti kulanda chuma cha mayi wamasiye ndi ana ake ndi mlandu. Koma zonsezi sizikanayambika akanapanda kutsegula pakamwa paphiri paja.

Pa Marko 6:31 Ambuye anaona kuti ophunzira ake akusowa ndi mpata wakudya womwe chifukwa cha unyinji wa anthu, ndipo anawaitanira kumalo kopanda anthu kuti akapumule. Kodi mayi wa m'Ndirande, wa ku Bangwe kapena wa ku Zingwangwa malo otere angawapeze kuti? M'nyumba mwathu mulibe chitseko chimene mwana sangagogode. Komatu Mulungu anazinga mizinda yathu ndi mapiri, ndipo sipafunika galimoto yanuyanu kuti mukafikeko.

Za ku Chilomoni ndanena kale. Mukatsika minibasi funsani aliyense za Njira ya Mtanda, akulozerani. Amayi a msinkhu wanga awerengere maola awiri pokwera, kupumira pa malo aliwonse okumbukira masautso a Ambuye. Musaope kuti ndi za Akatolika; mtanda ndi womwewo, ndipo nafenso timayenda njira ya mtanda m'matchalitchi mwathu nthawi ya Lenti.

Amene muli ndi tsiku lathunthu, kwerani minibasi ku Limbe yopita ku Zomba, kudutsa pa Njuli, Namadzi ndi Thondwe, mtunda wa makilomita oposa 60. Anzathu a dayosizi ya Upper Shire phiri la Zomba lili pakhomo pawo. Kuchokera m'tauni pali kanjira kachidule kokwera ku Ku Chawe kamene amakatcha Potato Path, chifukwa alimi a pamwamba ankatsikira m'menemo ndi mbatatesi. Kanjirako n'kotsetsereka kwambiri, ndipo kwa a mawondo ngati anga ndi bwino kusonkherana ya takisi mpaka pamwamba, mphamvu n'kusungira kumeneko. Pamwambapo ndiye pali njira zabwino, zamthunzi, zotsata mtsinje wa Mulunguzi. Mukhoza kuyenda m'mbali mwa damu limene limapereka madzi ku mzinda wa Zomba, kapena kupitirira mpaka pa mathithi a Williams Falls. Olimba amakafika ku Emperor's View, pamene panaima Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia m'zaka za m'ma 1960. Kukakhala kopanda nkhungu mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Kutali ndithu, mbali ya kumadzulo, kuli dzenje la Chingwe, limene akuluakulu amasimba kuti kale ankaponyamo anthu, ena amati adani a mafumu, ena amati akhate. Ine amene ndinatsukapo mabala a odwala khate ndinaima pamenepo nthawi yaitali, ndikuganiza za Iye amene anatambasula dzanja nakhudza wakhate.

Ku Mulanje nako minibasi za ku Limbe zimafika. Mukatsikira pa Chitakale mumapeza zokwera zopita ku Likhubula, ndipo kuchokera pamenepo ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi kukafika pa Dziwe la Nkhalamba. Tengani wokulondolerani njira wa konko, ndipo ana musawalole kudumphira m'dziwemo. Madziwo ndi ozizira, akuya, ndipo anthu anamirapo. Za ku Sapitwa, mamita 3,002, tiwasiyire a chinyamata.

Pali chinanso chimene ndiyenera kukuchenjezani: mukakwera phiri mudzaona zimene simufuna kuona. Muli pamtanda wa Michiru, tembenukani muyang'ane phiri la Ndirande ndi la Soche. Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1970 tikukumbukira mapiriwa atavala mitengo. Lero ali mbee. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osaleka, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Ambiri a ife tinaphika kumaliro amenewo. Ku Michiru komweko zitsa zikuchulukirachulukira, ndipo utsi wa mauvuni a makala umaoneka masana.

Tikutsika tsiku lija tinakumana ndi mayi wina wachitsikana atasenza mtolo wa nkhuni wotalika kuposa iye mwini, mwana ali kumsana. Tinapatuka kuti adutse. Mmodzi wa ife anayamba kung'ung'udza kuti anthu awa ndi amene akutha phiri. Mnzathu wamasiye uja, amene anali atangotsegula pakamwa kumene, anafunsa kuti, "Nanga nsima yadzulo munaphikira chiyani?" Palibe anayankha. Tonse asanu ndi awiri tinali ndi thumba la makala kukhitchini. Mayi uja amasenza mtolo kuti ife tiyende opanda mtolo. Funso limenelo likundivutabe mpaka lero. Chimene tachitapo pa parishi yathu n'chochepa: ambiri tinagula chitetezo mbaula, ndipo nyengo ya mvula timanyamula mbande pokwera. Zina zimaphuka, zambiri mbuzi zimadya.

Tsono monga namwino ndinene zanga pang'ono. Musayambire kuphiri, yambani ndi kuzungulira m'dera lanu masabata awiri kapena atatu, ndipo kayezetseni BP musanapite. Amene muli pa mankhwala imwani monga mwa masiku onse. A matenda a shuga idyani musananyamuke, tengani nthochi kapena siwiti m'chikwama, ndipo pobwera yang'anani mapazi anu bwinobwino, chifukwa kabala kakang'ono kwa inu si kakang'ono. Valani nsapato zomanga, mapatapata asiyeni pakhomo. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena phuma lachilendo, khalani pansi, ulendo wathera pomwepo, ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Miyezi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kunja kukuzizira, koma chiperoni chikagwa musakwere. Nyamukani m'mamawa, mutsike dzuwa likadali pamutu. Ndipo musapite nokha, kapena awiri okha. M'tchire muli anthu a maganizo osiyanasiyana. Pitani gulu, koma panjira gawikanani awiriawiri, ndipo amene mwatsalira naye m'mbuyo musamufulumizitse.

Atsogoleri a nthambi, ndikupemphani kuti nkhaniyi muikambirane pa msonkhano wanu wotsatira. Musanasankhe phiri, yambani mwalemba pamtima dzina la mayi amene wakhala akukuyankhani kuti ali bwino kwa miyezi yambiri, ndipo ndalama yake ya minibasi ichoke m'thumba la gulu. Ife a kuno timanyamuka Loweruka loyamba la mwezi, sikisi koloko m'mawa, pageti la tchalitchi. Mayi wachikulire uja wa kuchigayo sanakwerepo mpaka pamwamba, koma amabwera ndi fulasiki ya tiyi n'kutidikira pamthunzi m'munsi mwa phiri, ndipo aliyense wotsika amamufunsa kuti wapezako chiyani.