Nafenso Tidali Alendo

Makolo athu ambiri a kuno ku Kasungu adayenda pansi kukafuna ntchito ku Salisbury. Kumeneko ankanyozedwa kuti "Mabhurandaya", ngakhale Blantyre'yo ena sadaiwonepo. Pokhala kutali ndi abale, adakhazikitsa mabungwe oikana maliro, kuti mchona asaikidwe ngati chiŵeto.

Tsono tidzifunse ife adzukulu awo. M'minda yathu ya fodya mudadza mabanja ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, namadya chimanga cha ngongole kufikira fodya atagulitsidwa. Lamulo lakale silidaŵateteze. La 2021 lidaletsa utenanti, koma lamulo silikumba manda. Mwana wawo akamwalira, amanyamula khasu ndani? Pa Misa timakhala nawo benchi limodzi, komabe ku mphakati maina awo sitiŵadziŵa.