Zaka atenge, koma maphunziro asadule

Ku America, wophunzira udokotala akafika chaka chomaliza maso ake amakhala pa mwezi wa Malichi. Ndi pamene bungwe la National Resident Matching Program, lomwe linayamba ntchitoyi mu 1952, limaulula chipatala chomwe aliyense akasulidweko ukatswiri: uyu wa ana, uyu wa mafupa, uyo wa opaleshoni. Koma pali ena amene nkhani yawo imakhala itatha kale mu Disembala, anzawo akadali kalikiliki ndi ma intavyu. Awa ndi omwe fizi yawo analipira ndi asilikali. Mayina awo amapita ku komiti ina, yoimira magulu ankhondo a pamtunda, a pamadzi ndi a mumlengalenga. Komitiyo imamva ndithu zofuna za mwana, koma imayamba yawerenga kuti gulu likusowa madokotala angati, a mtundu uti.

Kale boma la America linkangolemba madokotala usilikali mokakamiza. Mchitidwewu unatha mu 1973, ndipo lamulo la mu 1972 linali litatsegula kale makomo awiri owakopera. Loyamba ndi sukulu ya asilikali eniake, Uniformed Services University, ku Bethesda m'chigawo cha Maryland: fizi palibe, wophunzira amalandira malipiro a ofesala, kenako amadzatumikira zaka 7. Lachiwiri ndi thandizo la HPSP: kaphunzire ku yunivesite ya anthu wamba, fizi yonse ndi ndalama ya pamwezi zili kwa ife, udzabweze chaka pa chaka chilichonse chomwe takulipirira. M'dziko lomwe madokotala ambiri amatuluka pasukulu ndi ngongole ya madola pafupifupi 200,000, n'zosadabwitsa kuti achinyamata amasaina.

Zaka zobwezazo ine ndilibe nazo chifukwa. Amene waphunzira ndi misonkho ya anthu abweze thukuta lake, ndipo akatumizidwa kutali ndi kwawo apite. Ngakhale lamulo loti zaka za residency, zosulidwa ukatswiri zija, siziwerengedwa pobweza ngongoleyo ndi lomveka, pakuti nthawi imeneyo munthu akadali kulandira, sanayambe kupereka. Komanso maphunziro a m'zipatala za asilikali si achabechabe. Brooke Army Medical Center ku San Antonio imalandira ovulala modetsa nkhawa, asilikali ndi anthu wamba omwe, ndipo wophunzira kumeneko manja sauma.

Pondivuta ndi pa mayankho a mu Disembala aja. Wina amauzidwa kuti wapeza malo m'chipatala cha asilikali. Wina amaloledwa kukaphunzira ku chipatala cha anthu wamba, adzavale yunifolomu akamaliza. Koma wachitatu amangopatsidwa chaka chimodzi cha internship, basi. Chikatha, amamutcha General Medical Officer, mwachidule GMO, n'kumutumiza kukakhala dokotala wa pa sitima, wa oyendetsa ndege, kapena wa gulu la ma Marine kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Gulu la pamadzi ndi lomwe ladalira kwambiri njira imeneyi. Uku n'kuphula nyemba zisanapse chifukwa choti alendo ali ndi njala.

Taganizani za dokotala wa zaka 27 pa sitima pakati pa nyanja. Usiku abwera naye mnyamata atapinda, wagwira m'mimba kumanja, thukuta lili kamukamu. Makina ojambulira mkati mwa thupi palibe, wamkulu womuitana kuti adzakhudze mimbayo ndi dzanja lake palibe. Dokotalayo ayenera kugamula yekha: adikire kuche, kapena adzutse mkulu wa sitima kuti ayitanitse helikopita, mwinanso asinthe njira ya sitima yonse. Mnzake yemwe anakhala naye m'kalasi imodzi, usiku womwewo ali m'wodi ku Boston kapena Chicago, ndipo saloledwa kutulutsa wodwala ngati ameneyu asanafunse mkulu wake. Zipatala zambiri za anthu wamba ku America sizilemba ntchito dokotala wosamaliza residency. Nanga msilikali walakwanji kuti iye yekha akwanitsidwe ndi wa chaka chimodzi?

Oikira kumbuyo njirayi ali ndi mfundo zawo, ndipo sindizinyoza. Amati asilikali ndi anyamata ndi atsikana athanzi, matenda awo ndi bondo, msana, chimfine. Amati dokotala amene wagona m'tenti limodzi ndi asilikali amawadziwa kuposa wokulira m'makonde a chipatala, ndipo wopita ku Pensacola kukaphunzira zosamalira oyendetsa ndege amakwera nawo ndegezo. Komiti ija yakhala ikuperekanso mapointi owonjezera kwa wobwerera kuchokera ku GMO, kotero ena amene analephera koyamba amadzapeza malo omwe ankalakalaka. Zonsezi n'zoona. Koma dokotala samuika pa sitima chifukwa cha chimfine; amamuika chifukwa cha usiku umodzi uja. Ndipo kudziwa moyo wa msilikali kungabwere bwinobwino munthu atamaliza maphunziro. Pali chinanso: ambiri amangomalizira ngongole yawo ali GMO, n'kuvula yunifolomu, kukaphunzira ukatswiri kunja. Gulu linalipira sukulu yonse koma katswiriyo amakathandiza ena.

Wowerenga wa kuno kwathu anganene kuti, nanga si ma clinical officer akhala akunyamula zipatala za m'maboma, mpaka kuchita opaleshoni ya amayi oyembekezera? Inde, koma iwo anaphunzitsidwa mwadala ntchito imeneyo kuyambira tsiku loyamba mpaka kumaliza. Asilikali a ku America nawo ali ndi anthu otere, ma physician assistant ndi ma corpsman ophunzitsidwa kugwira ntchito okha. GMO ndi munthu wina: ulendo wake unakonzedwa kuti ukhale wautali, wangotsitsidwa panjira.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi msinkhu umene munthu amasainira. Wa zaka 22 sanalowepo m'thiyeta, sadziwa kuti m'chaka chachitatu mtima wake udzakomedwa ndi opaleshoni ya maso kapena matenda a khungu, kumene malo m'gulu lankhondo ndi owerengeka ndipo chiwerengero chimasintha chaka ndi chaka. Wolemba anthu usilikali amafotokoza za fizi ndi malipiro mosadodoma. Pa tebulo lomwelo aziikaponso pepala lina, losonyeza kuti chaka chatha m'gulu lake anapempha ukatswiri uliwonse anali angati, anapeza malo angati, ndipo angati anatumizidwa ku GMO. Mwanayo aliwerenge, apite nalo kunyumba akafunse amene anadutsamo kale, cholembera achigwire pambuyo pake.